Mwagula malo a paini, nanga pulani yake yatsala ndi ndani?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito ya unamwino ku Leeds, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Ndachotsako moni ndi nkhani zina za kubanja, funso lenileni ndi ili:

"Achimwene, ndikugula malo a mahekitala 14 chakumtunda kwa Dedza, ali pa lizi, mwadzadza paini ndipo kumunsi kuli bulugamu pang'ono. Mwini wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, akugulitsa ndi ana ake, ndapereka kale theka la ndalama. Alamu anga atapita kukaona anamva kwa mlonda kuti malemuwo anali ndi pulani ya nkhalangoyo imene anawalembera munthu wa zankhalango, koma anawo akuti sakudziwa komwe ili ndipo akuti ilibe ntchito poti ine ndidzapanga zanga. Kodi pulaniyo ndi yofunikadi? Ndikagula malowo ndiye kuti yakhala yanga? Ndiitsatire kapena ndingoyamba zanga?"

Achemwali, choyamba theka latsalalo ligwireni kaye. Musatumize. Sikuti anawo ndi akuba ayi, mwina akunena zoona kuti sakudziwa komwe ili, ana ambiri a eni minda ya mitengo anakulira mtauni ndipo kumundako amangopitako pa maliro, koma mukangomaliza kulipira palibenso amene adzavutike kukutula masutukesi a malemu kukufunirani pepala. Pano akufuna ndalama yanu ndiye foni akuyankha. Mawa mudzangomva kuti nambala mwaimbayi sikupezeka.

Zoti ilibe ntchito zija ndiye ndakana. Munda wa chimanga mutha kugula osafunsa kuti chaka chatha munali chiyani, mukathira feteleza basi mwayambiranso. Paini si choncho. Paini wa matabwa, kaya ndi patula kaya kesiya amene tinazolowera kuno, amatenga zaka 20 mpaka 25 kapena kuposa kuti akhwime bwino, ndiye amene mukugulayo muli zaka za ntchito ya munthu wina zimene simungazione ndi maso mutaima pamsewu. Mitengo iwiri itha kufanana kutalika koma wina anausadzira nthambi uli waung'ono, wina anangousiya, ukadzafika pa macheka woyambawo utulutsa thabwa losalala, winawo thabwa la mfundo zokhazokha loti kalipentala akangoliona akuuzani mtengo woti mulire. Chimene chimakuuzani kuti mukugula mtengo uti pa iwiriyi ndi pulani ija.

Anthu akamati pulani amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi, koma mukaitsegula mupezamo zinthu zosiyana zimene zimayenda mosiyananso malo akasintha mwini.

Muli mbiri. Mapu a munda wogawidwa m'magawo, gawo ili linadzalidwa chaka chakuti, mbande zinachokera ku nazale yakuti, anadzala motalikana bwanji, anapatulira liti, anasadzira mpaka mamita angati, moto unalowa chaka chiti ndipo unalowera mbali iti. Iyi ndiye golide, achemwali, ndipo siitha ntchito ngakhale malowo atagulitsidwa kakhumi. Ndikupatseni chitsanzo. Kadzalidwe kakale ka a zankhalango kuno kanali mamita 2.75 mbali zonse, zimene zimapereka mitengo pafupifupi 1,320 pa hekitala, ena masiku ano amadzala mamita 3 nkupeza 1,111. Mitengo yonseyo siyenera kufika kumapeto, umapatulira kawiri kapena katatu, koyamba ikafika zaka 7 kapena 8 kutengera ndi mmene ikukulira, kuti yotsalayo ipeze dzuwa ndi malo onenepera. Ndiye mukapeza gawo la zaka 15 likadali ndi mitengo yoposa 1,000 pa hekitala, dziwani kuti malemu anadumpha ntchito, mitengoyo ndi yaitali koma yoonda ngati nsungwi, ndipo mukaipatulira mwamphamvu nthawi imodzi mphepo ya ku Dedza ija idzakugwetserani yotsalayo. Munthu wosadziwa amaona kuthithikana nkumasangalala kuti mitengo ndi yambiri, pamene kuchulukako ndiye vutolo.

Mulinso zofuna za malemu, zoti ndidzadula gawo lakuti chaka chakuti, bulugamu ndidzagulitsa ngati mapolo, uku ndidzadzalanso. Izi sizikukumangani. Anali ndi zolinga zawo, mwina amafuna fizi ya ana chaka ndi chaka, inu mwina mukufuna ndalama imodzi yaikulu mukadzabwerako ku UK. Mutha kusintha. Koma musinthe mukudziwa kuti mitengo inaleredwa kuti idzakhale chiyani, chifukwa mtengo sutembenuka msanga ngati maganizo a munthu. Chikangawa ndi umboni. Nkhalango ya Viphya ija, mahekitala pafupifupi 53,000, mbali yaikulu inadzalidwa kuyambira cha m'ma 1964 ndi cholinga chodyetsa fakitale yopanga zopangira mapepala imene imayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe. Mitengo ya mapepala safuna kuisadzira kapena kuipatulira kwambiri poti idzagayidwa basi, ndiye dziko litatembenuka kuti tiyeni tizicheka matabwa, magawo ambiri anali oti sanaleredwe ngati a matabwa. Ngati zinachitika pa mahekitala 53,000 a boma, pa 14 anuwo zingalephere bwanji.

Ndiye pali gawo lachitatu limene limandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanuyi, malonjezo. Izi nthawi zambiri sizilembedwa nkomwe mu pulani yeniyeniyo, zimakhala pa timapepala topanikiza mkati kapena m'mutu mwa mlonda. Munthu wamwalira zaka ziwiri zapitazo, anadwala nthawi yaitali bwanji? Matenda amadya ndalama, ndipo mwini paini akapanikizika chinthu choyamba kuchita ndi kugulitsa mitengo ili chiimire kwa a macheka, amalandira ndalama lero nkugwirizana kuti mudzadule chilimwe chikubwerachi kapena chinacho. Inu mwagula malo, mwasintha dzina, tsiku lina kukubwera lole ndi anyamata a macheka ali ndi kalata yosainidwa ndi malemu komanso mboni ziwiri yoti mitengo 400 ya gawo lakumtunda ndi yawo. Mukangana mpaka kukhoti, ndipo kaya muwina kaya ayi, miyezi ikupita inu muli ku Leeds mukulipira loya. Pamene mukanafunsa musanamalize kulipira, mtengo wa mitengo 400 imeneyo ukanangochotsedwa pa theka latsalali.

Malonjezo ena si a ndalama. Mwina malemu anagwirizana ndi amfumu kuti amayi a m'mudzi azitola nkhuni zouma Loweruka lililonse, kapena ng'ombe zizidutsa njira yakumadzulo popita ku dambo, mwina muli manda akale pakona ina pamene pali misuku ndi miombo yosadulidwa. Musazione ngati zazing'ono. Munda wa paini mdani wake wamkulu ndi moto, ndipo moto wa Okutobala suzimitsidwa ndi mlonda mmodzi ndi nthambi yake, umazimitsidwa ndi mudzi. Mwini watsopano amene wangofika nkutseka njira ndi waya, osakaonekera nkomwe kwa amfumu, chaka chomwecho amamva kuti ana osaka mbewa alakwitsa. Ndaziona kangapo ndipo sindinamvepo kuti mwana wosaka mbewayo wapezeka.

Tsopano funso lanu loti mukagula malo pulani yakhala yanu kodi. Pepala la lizi limakamba za malo, malire, zaka za lizi, ndalama ya lendi ya ku boma ndi zimene malowo ayenera kugwiritsidwa ntchito. Pulani ya mitengo simuipeza mmenemo, ndipo musayembekeze kuti pali ofesi imene idzakutumizireni yokha dzina likasintha. Mayiko ena anazimanga ndi lamulo. Ku Wisconsin ku America kuli ndondomeko yotchedwa Managed Forest Law, mwini nkhalango amalowa pangano la zaka 25 kapena 50 kuti azitsatira pulani yovomerezeka ndipo boma limamuchepetsera msonkho wa malo, akagulitsa, wogulayo amakhala ndi masiku 30 oti atumize fomu yovomera kupitiriza pulaniyo, akapanda kutero malowo atha kuchotsedwa m'ndondomekoyo nkulipitsidwa msonkho wotulukira. Kumeneko pulani imatsata malo. Kwathu kuno pa munda wa munthu payekha pulani imatsata amene wagwira envelopu. Ndiye muilembe mu pangano logulitsirana, loya wanu aikemo ndime yoti ogulitsa apereka pulani, mapu, makope ndi mapangano onse okhudza mitengo, komanso asaine kuti palibe mtengo umene unagulitsidwa kale kapena kuikidwa chikole, ndipo ukadzapezeka adzabweza iwo.

Poti mwatchula kuti akugulitsa ndi ana, funsaninso kuti mwa anawo ndani ali ndi makalata a kukhoti omulola kuyendetsa chuma cha masiye, malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mwana woyamba kubadwa si ndiye kuti ali ndi mphamvu yogulitsa. Ndipo lizi siisintha dzina popanda chilolezo cha a Unduna wa za Malo, loya akafufuze ngati kulibe ngongole ya lendi kapena ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Chinanso, ngati munatenga pasipoti ya kumeneko, nkhani ya unzika wanu wa Malawi ikhale yolongosoka musanasaine, chifukwa malamulo a malo anasinthidwa mu 2022 ndipo anakhwimitsa pa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika. Izi ndangodutsamo, ndi za maloya, ine zanga ndi mitengo.

Pa mbali ya a zankhalango, lamulo lathu ndi la 1997 limene linakonzedwanso mu 2020. Mitengo yodzala nokha pa malo anu muli ndi ufulu wokolola, koma matabwa akakwera lole amafunika chikalata chonyamulira chochokera ku ofesi ya zankhalango, apo ayi pa rodibuloko mutsitsa. Mitengo yachilengedwe ndiye nkhani ina, ngakhale ili pa malo anu simungangoidula nkuitulutsa popanda chilolezo, makala ndiye osayerekeza nkomwe opanda laisensi, zilango zake anazikweza kwambiri. Ngati malemu anali ndi chilolezo china chilichonse chinali m'dzina lawo, musachitenge ngati chabwera ndi malo, kapempheni chanu. Ndipo alamu anuwo akafike ku ofesi ya DFO, mkulu wa zankhalango pa boma, akadziwitse kuti mundawo ukusintha mwini, nthawi zina munthu amene analemba pulaniyo ndi wa mu ofesi momwemo kapena amadziwika, mwina kope ikadali mu kompyuta yake. Afunsenso ngati mbali ina ya mitengoyo siikulowa mu nkhalango ya mudzi, zija zimayendetsedwa ndi VNRMC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, chifukwa zimenezo zili ndi pangano lake ndi boma ndipo ana a malemu sangakugulitseni. Malire a paini ndi malire a mabikoni si nthawi zonse amagwirizana, anthu akale amadzala mpaka pamene mbande zathera.

Koma ndikuuzeni komwe ndikuganiza kuti pulaniyo ili. Kwa mlonda uja. Kapena ngati panali kapitawo, kwa iyeyo.

Zaka zingapo zapitazo anandiitana bambo ena amene anagula munda wa paini kwa mayi wamasiye, atagula kale, kuti ndikawaonere chifukwa zinthu sizimayenda. Ndinafunsa za pulani, akuti kulibe, mayiwo anati amuna awo samalemba. Tikuyenda m'mundamo ndinaona mitengo ina ili ndi kadontho ka penti wabuluu pa msinkhu wa pachifuwa, ndipo zitsa zambiri zatsopano, mitengo yogwetsedwa ili pambali nayonso ya penti wabuluu. Ndinafunsa kuti mwadula bwanji imeneyi, bambowo akuti aaa anyamata anandiuza kuti ya penti ndiye inasankhidwa kuti idulidwe. Ndinayang'ana yotsala yopanda penti, yokhota, ya mphanda, ina yoonda. Mtima unangoti phwii. Madzulo tinapita kwa mdala amene anali kapitawo wa malemu, anali atamuchotsa ntchito mwezi woyamba poti amafuna kuika mphwawo. Mdalayo sanalankhule zambiri, analowa m'nyumba nkutuluka ndi thumba la feteleza, mkati muli kope lachikuto cholimba lakuda lija la ma akaunti, ngodya imodzi chiswe chitadya. Tsamba lililonse gawo lake, chaka chodzala, masiku osadzira, ndalama za aganyu, mpaka tsiku limene mphenzi inaotcha mitengo itatu. Ndipo pa tsamba lina, ndi bolopeni yofiira, malemu analemba kuti ya buluu ndi yosunga mpaka kumapeto, osadula. Bambo aja anadula mitengo yabwino yokhayokha imene munthu anaisankha ndi kuilera zaka zoposa khumi, nkuigulitsa pa mtengo wa mitengo yopatulira, nkutsala ndi zinyalala. Mdala uja anangoti, sanandifunse.

Penti alibe lamulo limodzi, ena amapaka yodula, ena amapaka yosunga, ndiye alamu anu akaona penti kapena zotema pa makungwa asaganizire, afunse. Ndipo mlondayo musamuchotse, chaka choyamba chokha mulipireni bwino ndithu, ngati ana a malemu ali naye ngongole ya malipiro, zimene ndikuganiza kuti ali nayo poti papita zaka ziwiri, ikambidwe pa mtengo wogulira. Munthu ameneyo akudziwa mbali imene moto umachokera, akudziwa wa macheka amene amaba usiku, akudziwa amene anapatsidwa lonjezo lanji.

Nanga ikapanda kupezeka? Si mapeto a dziko, mulembetsa ina, ndipo ngakhale itapezeka ndikanakuuzanibe kuti muunikenso chifukwa pepala la zaka zisanu zapitazo silidziwa zimene zachitika malemu atagona. Pezani munthu amene anaphunzira za nkhalango, alipo ambiri anatuluka ku koleji ya zankhalango ya ku Dedza komweko kapena ku Mzuzu University, ayende mundawo gawo ndi gawo. Ntchito yake si yamatsenga, alamu anu atha kuyamba okha. Atenge chingwe cha mamita 5.64, akhome chikhomo pakati, azungulire, bwalo limenelo ndi masikweya mita 100, awerenge mitengo ili mkatimo nkuchulukitsa ndi 100, ndiye mitengo pa hekitala imeneyo. Achite malo angapo pa gawo lililonse, osasankha pokongola pokha, anthu ogulitsa amakonda kukuyendetsani m'mbali mwa msewu momwe mitengo imanenepa chifukwa cha dzuwa. Kunenepa amayeza pa mamita 1.3 kuchokera pansi, akulunge tepi ya telala nkugawa ndi 3.14. Zaka za paini awerenge mizere pa chitsa chatsopano, imaoneka bwino ndithu, ndipo inu muli ku Leeds komweko tsegulani Google Earth pa kompyuta, ili ndi zithunzi zakale, mutha kuona chaka chimene gawo lina linali mbee ndi chaka chimene linayamba kubiriwira, mutha kuonanso ngati pali pamene padulidwa chaposachedwa pamene anawo sanakuuzeni.

Bulugamu wa kumunsiyo funso lake ndi limodzi, wadulidwa kangati. Bulugamu amaphukira pa chitsa, ndiye munthu amaona mitengo yowongoka nkumati ndi yodzala, pamene ndi mphukira za ulendo wachitatu, ndipo ulendo uliwonse zitsa zina zimafa, mphamvu imachepa, pofika kachitatu kapena kachinayi umafunika kuzula nkudzalanso, imene ndi ndalama. Ayang'ane pansi, ngati mitengo iwiri itatu ikutuluka pa chitsa chimodzi chachikulu ndiye mphukira zimenezo. Aonenso masamba ngati alibe timatuza kapena toyera tomata, tizilombo ta bulugamu tinavuta kwambiri m'zaka zapitazi. Ndipo ngati wadzalidwa mpaka m'mphepete mwa khwawa kapena pa kasupe, ine ndikanachotsa mizere yoyandikira madziyo nkuikamo mbawa kapena katope, bulugamu amamwa madzi kwambiri ndipo mudzi wa kumunsi ukadzaona chitsime chikuphwa adzaloza inu.

Pulani yatsopanoyo isakhale chibuku cha masamba 60 choti mukachisunge mu kabati. Mapu amodzi, tebulo la magawo, ntchito za chaka ndi chaka kwa zaka zisanu ndi ndalama zake, basi. Mulembemo kuti njira zotchinga moto zilambulidwe udzu ukangoyamba kuuma, cha mu Meyi ndi Juni, osadikira Ogasiti, ndipo kudzala ndi kubwezera mbande zakufa ndi nthawi ya mvula, nyengo yodzala mitengo ya boma imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo koma paini amagwira bwino mukadzala koyambirira nthaka itanyowa, osati kumapeto. Ikhale m'Chichewa kapena ikhale ndi tsamba la Chichewa loti mlonda azitha kuwerenga. Muijambule tsamba lililonse, kope ina kwa inu, ina kwa alamu, ina kwa mlonda, zithunzi zake pa imelo osati pa WhatsApp pokha, foni zimatayika.

Chimene chikundivuta pa imelo yanu ndi zaka ziwiri zija. Simunanene ngati m'zaka zimenezi wina analambulako njira za moto, ndipo ndikukayika, ana amene sakudziwa komwe kuli pulani sangakhale kuti amatumiza ndalama ya aganyu. Ndiye kuti pansi pa painiyo pali masamba ouma ndi nthambi za zaka ziwiri, udzu m'malire wafika m'chiuno. Kusintha dzina pa lizi kutha kutenga miyezi, nthawi imeneyo mundawo umakhala ngati mwana wa masiye, ogulitsa akuti tagulitsa kale, wogula akuti sunakhale wanga. Mugwirizane polemba kuti kuyambira lero mpaka dzina litasintha palibe kudula mtengo ngakhale umodzi, ndipo ndani akulipira mlonda ndi kulambula, komanso moto ukalowa pakatipa mtengo wogulira utsika bwanji. Kunena zoona ndalama yolambulira ingotulutsani inuyo ngakhale malowo sanakhale anu, mudzaichotsa pomaliza kulipira, ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi theka mwapereka kale lija.

Alamu anu akapitanso, asapite ndi ana a malemu. Apite okha, atenge shuga ndi sopo, akakhale pakhonde pa mlondayo, ndipo asafunse kuti pulani ili kuti chifukwa mwina mawu akuti pulani iye sawagwiritsa ntchito. Afunse kuti kodi bwana aja akabwera kumunda amalemba pati. Mukapeza chilichonse, ngakhale kope long'ambika, jambulani munditumizire pa imelo yomweyi ndikuwerengereni.